Nkhani yonse inali pa recvfrom

Mtima wakhala pansi tsopano. Zija zakuti pulogalamu ya pa laputopu ipeze yokha printa kapena Raspberry Pi pa netiweki imodzi, popanda munthu kulemba IP pamanja, zalowa m'mutu. Za bind, listen ndi kusiyana kwa TCP ndi UDP sindichedwa nazo, anzanga mukuzidziwa kale.

Chimene chinkandizunguza n'chakuti socket iliyonse (khomo limene pulogalamu imatumizira ndi kulandirira mauthenga pa netiweki) yomwe tinkalemba m'kalasi imafuna adilesi. Kuti ulumikizane ndi chipangizo, uyenera kudziwa kaye kumene chili. Nanga ngati adilesiyo ndi imene ukusaka? Ambirife timathamangira kugogoda khomo ndi khomo, kuyambira 192.168.1.1 mpaka 192.168.1.254, kuyesa connect n'kudikira timeout. Zimatheka ndithu, koma ukapatsa khomo lililonse losayankha sekondi imodzi, mphindi zinayi zapita uli chiyang'anire.

Koma recvfrom, lamulo lolandirira uthenga pa socket ya UDP, sibweza uthenga wokha ayi. Imabweza zinthu ziwiri: uthengawo, ndi adilesi ya amene wautumiza. Paketi iliyonse ya UDP imafika itanyamula IP ndi port ya mwini wake, afune asafune. Ndiye kugogoda kwa chiyani? Ungoima pabwalo n'kukuwa kamodzi kuti "kuli ndani kuno?", ndipo aliyense woyankha wadziulula yekha kumene amakhala, ngakhale yankho lake litakhala liwu limodzi. Uthenga wa m'kati ulibe ntchito kwenikweni. Chimene ukufuna chili kunja kwa paketi.

Ndabwereza zimenezi kangapo chifukwa zonse zotsatira zikutsamira pomwepa. Ofufuza amatsegula socket ya SOCK_DGRAM (ndiyo ya UDP), kuyatsa SO_BROADCAST ndi setsockopt (mukapanda kutero Linux ikukanizani ndi Permission denied), kutumiza ku 255.255.255.255 (adilesi ya broadcast, yofikira onse a pa netiwekiyo) pa port yomwe mwagwirizana, kenako kuzungulira pa recvfrom mpaka settimeout ya masekondi awiri kapena atatu itatha. Mbali inayo imangochita bind pa 0.0.0.0 ndi port yomweyo n'kumvetsera. Funso likafika, nayonso imatenga adilesi ya wofunsa pa recvfrom n'kumuyankha iye yekha, osatinso gulu lonse. Mu Python mizere yake sikwana makumi atatu mbali zonse ziwiri. Mukapezana, tsegulani TCP wanu uja muzikambirana mwaulemu. Rauta siwolotsa paketi ya 255.255.255.255 kupita kunja, n'chifukwa chake zonsezi zimathera pa netiweki yomwe mwakhalapoyo.

Nditangogwira mfundoyi ndinayamba kuiona paliponse. Foni ikangolowa pa Wi-Fi imakhala ilibe adilesi, ndiye DHCP, njira yopemphera adilesi, imatumiza funso kuchokera ku 0.0.0.0 port 68 kupita ku 255.255.255.255 port 67. SSDP, yomwe ma TV ambiri amapezekera nayo, imatumiza funso lotchedwa M-SEARCH ku 239.255.255.250 port 1900. mDNS, yopezera zipangizo ndi mayina awo, imene Apple amaitcha Bonjour ndipo pa Linux imayendetsedwa ndi Avahi, imagwiritsa 224.0.0.251 port 5353. Ziwiri zomalizazi ndi multicast, kutanthauza kuti amamva okhawo amene alowa m'gulu ndi IP_ADD_MEMBERSHIP, ena onse sasokonezedwa. Koma mutu wake ndi womwewo: funsa gulu, amene alipo ayankhe.

Chinanditsegula maso ndi Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketi odutsa pa netiweki, ndipo pano sindimva za munthu. Ndinalemba udp.port == 1900 m'bokosi losefera la pamwamba paja, n'kutumiza M-SEARCH yanga. Mzere woyamba unali wanga, wopita ku adilesi ya gulu. Pasanathe sekondi pansi pake panabwera mzere wina, wochokera ku TV ya pabalaza, wolunjika pa IP ya laputopu yanga, m'kati mwake muli LOCATION ndi ulalo wa fayilo ya XML yofotokoza kuti iyo ndi ndani. Ndinauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kwa ine, ola limodzi pa Wireshark limaposa mitu itatu ya buku. Ndikanakhala mphunzitsi, mwezi woyamba wonse palibe akanalemba code, aliyense akanangoonera mapaketi akudutsa. Mwina ndikuwonjeza, koma ndi mmene ndikuonera.

Apa m'pamene pamandiwawa. Tinatha masabata tikuloweza magawo 7 a OSI, ndondomeko yofotokozera mmene netiweki imagwirira ntchito, ngati ndakatulo, ndipo chitsanzo chilichonse cha m'kalasi chinali pa 127.0.0.1, kompyuta kudzilankhula yokha. Zopezana uziphunzira bwanji pamene client ndi server onse ndiwe wemwe? Aphunzitsi anangodutsa pa recvfrom ngati ndi recv yokhala ndi mchira. Socket zimenezi zakhalapo kuyambira 1983 pa 4.2BSD, mtundu wina wa Unix, si zachilendo zoti munthu n'kusowa chitsanzo chabwino. Kuwonjezera apo, Wi-Fi ya pasukulu inakonzedwa kuti zipangizo zisamaonane, ndiye code yolondola imangokhala chete ngati yolakwika. Zinagwira titasamukira pa hotspot ya foni ya mnzanga, magetsi atapita, batire ili kumapeto. Nthawi ya labu ndi yochepa kale, projekiti ina ikudikira.

Zotsala zilipo. UDP salonjeza kuti paketi ifika, choncho ndikumatumiza funso katatu n'kuchotsa mayankho obwerezeka. Laputopu ikakhala ndi makhadi awiri a netiweki, monga ija yabodza ya pulogalamu ya VirtualBox, broadcast imatha kutulukira kolakwika, ndiye kutumiza ku 192.168.1.255, broadcast ya netiweki imodzi yokhayo, kumathandiza. Pa Android pamafunika MulticastLock kuti foni isataye mapaketi a gulu. Ndipo IPv6 ilibiretu broadcast, ndi multicast yokhayokha.

Chomalizachi n'chimene chikundikayikitsa pa projekiti yanga. Kodi ndipitirize ndi broadcast yangayi, yomwe mzere uliwonse ndikuumvetsa, kapena nditenge laibulale ya zeroconf ndiyende ndi mDNS monga amachitira akuluakulu? Mtima ukukokera kwanga komwe, koma mwina n'chifukwa chakuti ndangoidziwa kumene. Kaya, ndiona Loweruka ndikapeza mpata.