Zikomo kwa amene munamvetsera musanapemphere

Mayi anga atagonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda a impso, anthu ambiri ankandiuza kuti ndilimbe mtima, Mulungu alipo. Sankanama, koma mawuwo ankangondidutsa. Ndikuthokoza abusa athu ndi amayi ena a mumpingo, omwe sanafune kuti ndiwatchule mayina.

Abusa, munafika usiku, n'kukhala pafupi nane osathamangira kutsegula Baibulo. Munandifunsa kuti, "Chikukuopsani kwambiri n'chiyani?" Ndinakhuthula zonse, ngakhale mkwiyo womwe ndinali nawo pa Mulungu, inu osandidzudzula. Mutayamba kupemphera, munatchula mantha anga enieni, ana anga, ndi kutopa komwe ndinkabisa. Pa Yohane 11:35 Yesu analira kaye asanaukitse Lazaro, ngakhale ankadziwa chomwe achite. Inunso simunadumphe misozi yanga kuti mufike msanga pa "ameni".

Simunalengezenso matendawa kutsogolo kwa mpingo musanatifunse. Atsogoleri ena amaiwala kuti pempho la pemphero si nkhani yoti aliyense aimve.

Inu amayi a mumpingo, munkandilandira kudikirira wodwala kuti ndikagoneko, wina n'kumaperekeza ana kusukulu.

Tulo tomwe munandipatsato tinandibwezera nzeru. Ndinayamba kumva zomwe madokotala ankafotokoza ndi kufunsa mopanda mantha. Ndinakhala pambali pa mayi ndili ndi mtima wokhazikika, ndipo tinakambirana zinthu zomwe tinkazembana kwa zaka zambiri, mpaka kukhululukirana. Pano ayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo akufunsa kuti mudzawaona liti kunyumba.