Zikomo nonse amene munayenda nafe Loweruka

Abale ndi alongo a kuno ku Zomba, ndi inu amene munatumiza kangachepe pa Mpamba ndi Airtel Money muli kutali, landirani kuthokoza kwanga. Ulendo wandawala uja, wosonkhetsa ndalama zothandizira odwala khansa ya m'mawere, watheka. Tinanyamukira pa Chinamwali kudzafika m'tauni dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo abambo amene m'mawa ankachita manyazi ndi malaya apinki ndi amene anafika akuyimba kuposa ife.

Ena munabwera chifukwa cha ine, ena munangomva kuti ndi za khansa ya m'mawere. Chotupa changa ndinachipeza ndekha posamba. Chinali chaching'ono, cholimba, chosapweteka, ndipo apa mpamene matendawa amatipusitsira amayife, poti timati chosapweteka si matenda. Ku Zomba Central Hospital anadula kanyama kukayeza, zotsatira zitabwera anati ndi khansa. Bere lakumanzere linachotsedwa, kenako ndinayamba kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, ku Gulupu, ku Blantyre. Tsitsi linathothoka, nsidze zomwe. Ndiwo iliyonse inkangondinunkhira. Lero madokotala akuti sakuonanso kanthu, koma ndikupitabe kukaonedwa, ndipo tamoxifen amene ndikumwa tsiku ndi tsiku ndi wa zaka zosachepera 5.

Anamwino ndi madokotala, Mulungu akudalitseni. Achemwali anga, munasiya geni yanu n'kukagona pansi m'wodi chifukwa cha ine. Amayi a Mvano, phala lanu ndi lomwe linkalowa. Anzanga a banki m'khonde, munati ngongole iyambe yadikira. Apongozi, inu ndikuthokozeni padera: anthu atayamba kunong'oneza mwana wanu kuti mkazi wa bere limodzi ngwachiyani, munawayankha ndinu, pamaso. Abambo akunyumba, zanu tikambirana kunyumba konko.

Tsono za ndalama, poti ena mwafunsa. Kuchipatala cha boma salipiritsa, koma minibasi imalipiritsa. Kemo salandira kamodzi. Kawirikawiri umapita, kubwerera, pakatha masabata atatu upitenso, ndipo sungayende wekha, pafunika wokudikirira amene nayenso adye. Ine wa m'tauni zinandivuta, nanga mayi wa ku Chingale, ku Jali kapena ku Mayaka? Amagulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako amangokhala. Pa benchi ya ku Gulupu ndinadziwana ndi amayi otere. Ena ankangosowa pakati pa mankhwala, ukafunsa n'kumva kuti thiransipoti yavuta. Ndiye zonse zimene mwasonkha zipita ku thiransipoti ndi chakudya cha odwala ndi owadikirira. Palibe alawansi ya komiti, ngakhale ya ineyo.

Amayi anzanga, mwezi uliwonse mukamaliza kumwezi, gwirani mawere anu ndi kukhwapa komwe. Chotupa, mwanabere wosaphwa, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi kapena madzi otuluka musakuyamwitsa, khungu lokhakhala ngati la lalanje, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala. Si chotupa chilichonse chimene chili khansa, koma wonena zimenezo akhale amene wayeza. Ambiri kuno timafika matenda atafalikira kale, miyezi itathera ku mphini ndi zitsamba, ndiye anthu amati opaleshoni ndi imene yapha munthu. Ayi, kwapha n'kuchedwa. Mapemphero ndimawakhulupirira, anandinyamula, koma pempherani muli pamzere wa kuchipatala. Abambo musaseke, inunso khansa imeneyi imakugwirani ngakhale si kawirikawiri.

Ndalama zikatha kuwerengedwa tidzalengeza poyera zimene zalowa ndi mmene zikutulukira. Ngati mukudziwa mayi amene wasiya mankhwala chifukwa cha thiransipoti, tiuzeni msanga. Ndipo inu amene munalonjeza pamsewu paja koma simunapereke, kope lija lili ndi msungichuma wathu, ndipo mayi ameneyu saiwala nkhope.