Khungu la munthu polowa yunivesite ku America

Kuyambira pa 29 June 2023, mayunivesite a ku America saloledwanso kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. Khoti lalikulu linagamula choncho pa milandu ya Harvard ndi University of North Carolina. Mlandu wa 1978 wa Allan Bakke, mzungu amene anakanidwa malo payunivesite, unali utaletsa kale kusungira mtundu wina malo owerengeka, koma unkalola kuganizira mtundu limodzi ndi zina.

Mpata watsala m'nkhani imene wopempha malo amalemba. Mkulu wa majaji, John Roberts, anati mwana akhoza kufotokoza momwe tsankho lamukhudzira, bola zionetse kulimba mtima kapena luso lake iyeyo. Kungotchula mtundu sikuthandiza.

Chondiwawa n'chakuti m'masukulu ambiri ana a anthu amene anaphunzira pomwepo akukonderedwabe.