Atandikana ngongole ya galimoto, ndinakawerenga mbiri yanga

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leeds, ndipo mabasi a m'mamawa ankandichedwetsa. Ndiye ndinapempha galimoto yoti ndizilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Anandikana. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chibwerereni ku England sindinaphonyepo lendi kapena bilu ya magetsi. Nditawafotokozera amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene akhala kuno zaka zambiri, anandifunsa kuti, "Mwana wanga, credit report yako unaiwerengapo?" Imeneyi ndi mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole, imene obwereketsa amaiona. Ndinali ndisanaionepo n'komwe.

Mabungwe akuluakulu osunga mbiri ya ngongole za anthu kuno alipo atatu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Zimene ali nazo sizifanana ndendende, chifukwa banki kapena kampani ina imatumiza nkhani zanu kwa mmodzi kapena awiri okha. Choncho ndinapempha kwa onse atatu. Pa intaneti funani mawu akuti statutory credit report. Imeneyo ndi imene lamulo limati akupatseni, ndipo kuyambira 2018 ndi yaulere. Kale ankalipiritsa £2. Kudziwerengera wekha mbiri yako sikuiwononga ayi, musaope.

Anandifunsa dzina, tsiku lobadwa, ndi maadiresi onse amene ndakhalako m'zaka 6 zapitazi. Apa ndinachedwapo. Ife obwera timasamukasamuka, chipinda ichi miyezi ingapo, nyumba iyo chaka chimodzi. Ndinatulutsa makalata akale m'sutikesi kuti ndipeze ma postcode onse anayi.

Malipoti atabwera ndinawasindikiza, ndinakhala patebulo ndi bolopeni, n'kumawerenga mzere ndi mzere. Ambiri amangothamangira nambala ya score, yosonyeza mmene munthu angadalirikire pa ngongole, koma nambalayo sikuuzani pamene palakwika. Dzina linali bwino. Akaunti ya kubanki inali bwino. Pa tsamba lachitatu la lipoti limodzi ndinaona mawu akuti default, pambali pake £86, ndi dzina la kampani ya foni imene ndinasiyana nayo pamene ndinkasamuka m'nyumba yachiwiri. Mtima unagunda. Default ndi chizindikiro choti munthu analephereratu kubweza ngongole, ndipo chimakhala pa mbiri yako zaka 6, ngakhale utadzalipira pambuyo pake. Makalata onse okumbutsa ayenera kuti ankafikira ku adiresi yakale ija.

Chimene chinandipulumutsa ndi imelo imodzi. Tsiku lomwe ndinatseka kontilakitiyo ananditumizira uthenga wotsimikiza kuti palibe ndalama yotsala, ndipo sindinaufufute. Abale anga, mauthenga otere muzisunga, ngakhale akuoneka ngati opanda ntchito.

Ndinalembera kampaniyo dandaulo, n'kuikapo imelo ija ndi sitetimenti ya kubanki yosonyeza malipiro omaliza. Tsiku lomwelo ndinadandaulanso ku bungwe limene lipoti lake linali ndi default. Iwo safufuta okha. Amayamba afunsa kaye kampani imene inatumiza nkhaniyo, ndipo podikira amaikapo chizindikiro choti mwiniwake akutsutsa. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limawapatsa masiku 28 kuti akuuzeni ngati achotsa, akonza, kapena asiya momwemo. Akanati akane, ndinali nditakonzeka kulemba notice of correction, mawu osapitirira 200 ofotokoza mbali yanga amene obwereketsa amawaona, kenako n'kupita ku Information Commissioner's Office, ofesi yoyang'anira mmene mabungwe amasungira nkhani za anthu.

Ndili mkati modikira ndinakonza zina ziwiri zimene ndinaziona m'malipotimo. Choyamba, sindinali pa electoral roll, kaundula wa ovota, amene obwereketsa amatsimikizira nayo kuti ukukhaladi pa adiresi imene wanena. Ine ndinkaganiza kuti ndi wa eni dziko okha. Koma Malawi ili mu Commonwealth, ndiye Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno atha kulembetsa. Ndinalembetsa pa webusaiti ya boma ya gov.uk ndi nambala yanga ya National Insurance, mphindi zochepa chabe. Chachiwiri, dzina la msuweni wanga linali lomangika ku langa chifukwa cha akaunti imene tinatsegulira limodzi yolipirira mabilu. Kukhala nyumba imodzi sikumangirira anthu chonchi, koma akaunti yogawana imatero, ndipo mbiri ya mnzakoyo imatha kuganiziridwa pamene iwe ukupempha ngongole. Akauntiyo tinaitseka kalekale, ndiye ndinapempha kuti atilekanitse.

Sabata yachitatu isanathe kampani ija inayankha kuti inalakwitsa ndipo yauza kuti default ichotsedwe. Sindinangokhulupirira kalatayo. Mwezi wotsatira ndinaitanitsanso malipoti onse atatu, n'kukhalanso patebulo lija ndi bolopeni. Mzere wa £86 unalibemo. Lamlungu ndinawatengera amayi aja pepalalo kutchalitchi kuti akalione.