Mbiri ya bizinesi yathu: kutulutsa ma antioxidant m'masamba a chammwamba ndi mlambe

Bizinesi yathu idayamba ndi ufa wa chammwamba, monga zilili ndi ambiri kuno ku Chikwawa kumene mtengowu umachita kukhala mpanda wa pakhomo. Ufa umayenda malonda, koma ogulitsa tachuluka ndipo phindu lake ndi lochepa. Opanga sopo ndi mafuta odzola ndiwo adatitsegula maso. Iwo safuna ufa, chifukwa umasiya timibulu m'mafuta. Amafuna ma antioxidant okhaokha, amene amachedwetsa mafuta kuwonongeka ndi kuyamba fungo. M'masamba a chammwamba muli ma antioxidant otchedwa quercetin, kaempferol ndi chlorogenic acid, ndipo ntchito yathu lero ndi kuzitulutsa zimenezi zisanaphedwe ndi dzuwa, moto kapena chitsulo.

Ambiri amaganiza kuti luso lili pa makina. Ife taona kuti katundu amawonongekera pa thandala. Masamba timathyola m'mawa mame atauma, ndipo sitiwaunjika m'thumba, chifukwa akatenthana ndi kusupuka amada, ndiye kuti mphamvu yayamba kale kuchoka. Timawapulula kuchotsa timitengo, kuwatsuka m'madzi a mchere, magalamu 10 pa lita imodzi kwa mphindi 3 mpaka 5, n'kuwatsukuluza ndi madzi oyera. Kuyanika ndi kwa pamthunzi, pa neti, mopyapyala, m'chipinda chopita mphepo, kutentha kusapitirire madigiri 50. Tsamba louma bwino limafumbutuka m'manja koma likadali lobiriwira. Makilogalamu 4 mpaka 5 a masamba opulula amatipatsa kilogalamu imodzi youma. Nthawi ya dzinja ndiye pamafunika maso, nkhungu sichedwa kugwira masamba ochedwa kuuma, ndipo otero timataya osanyinyirika.

Tikasinja ndi kusefa, timaviika ufawo mu ethanol wa 70 peresenti. Ethanol amapangidwa konkuno kuchokera ku molasisi wa nzimbe, ku Dwangwa ndi kuno ku Chikwawa, ndipo ife timagula woyenera zakudya yekha. Spiriti wofiirira wa m'sitolo ayi, muli methanol, amene ndi poizoni. Pochepetsa mphamvu ya ethanol wa 96 peresenti timayeza mamililita 730 n'kuthira madzi oyera mpaka lita ikwane. Madziwo ali ndi ntchito: ethanol wosasungunula amakoka kwambiri mtundu wobiriwira wa tsamba n'kusiya zina mwa zomwe tikufuna, pamene madzi okha amakoka shuga wambiri ndipo zimasasa msanga.

Muyezo wathu ndi kilogalamu imodzi ya ufa pa malita 10 a ethanol wosungunulayo. Timaviika maola 48 mpaka 72 m'chiwiya chovindikira cha galasi kapena stainless steel, pamalo a mdima, n'kumatakasa kawiri pa tsiku. Mpoto wachitsulo wamba sitiyerekeza, chifukwa ma antioxidant amenewa akakumana ndi chitsulo amada bii. Kusefa timayamba ndi nsalu, kenako pepala losefera.

Mlambe tidauwonjezera pambuyo pake. Chammwamba kwawo ndi ku India, pamene mlambe ndi wathu weniweni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu amangoona malambe n'kuiwala masamba. Koma ndi wovuta. Masamba ake amapezeka nyengo ya mvula yokha, mtengo umayoyola chilimwe, choncho za chaka chonse timaumitsiratu. Komanso akanyowa amaterera ngati therere, n'kutseka pepala losefera. Madzi akachuluka m'pamene kutererako kumakula, ndiye mlambe timauviika mu ethanol wa 80 peresenti, ufa wake osasinja kwambiri, ndipo timadikira usiku wonse kuti nsenga zikhale pansi tisanasefe.

Kuchotsa ethanol ndi pamene pamadya ndalama. Ethanol amawira pa madigiri 78, kutentha kumene kumawononga katundu, choncho timagwiritsa ntchito makina otchedwa rotary evaporator, amene amachotsa mpweya m'chiwiya kuti ethanolyo awire pa madigiri 40 mpaka 45. Ethanol wambiri amabwereranso n'kugwira ntchito ulendo wina, ndipo popanda zimenezi bizinesiyi singapindule. M'chipindamo simulowa mbaula kapena kandulo, nthunzi ya ethanol imayaka. Chotsala ndi phala lolimba lomata, limene limakoka chinyezi, motero timalitsekera msanga m'mabotolo akuda n'kusunga pozizira.

Ulendo uliwonse tikapanga phalali, timatumizako pang'ono ku labotale. Kumeneko amayeza ndi DPPH, mankhwala ofiirira amene amasanduka achikasu akakumana ndi ma antioxidant, komanso ndi njira ya Folin-Ciocalteu yowerengera kuchuluka kwake. Zotsatira timazilemba pa botolo limodzi ndi tsiku lothyola masamba, kuti wogula adziwe muyezo wothira m'mafuta ake. Za kuchiza matenda sitilembapo. Zimenezo zili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo pa ukhondo ndi kalembedwe ka pa botolo timatsata miyezo ya Malawi Bureau of Standards.