Ntchito Yathu Yokonzera Agiriki Ulendo wa ku Australia

Bizinesi yathu ndi yaing'ono ndipo imayenda njira imodzi basi: kukonzera nzika za Greece ulendo wopita ku Australia. Njira imeneyi simera udzu. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 Agiriki ambirimbiri anasamukira kumeneko, ndipo ku Melbourne, makamaka dera la Oakleigh, Chigiriki chimamveka pamsewu mpaka lero. Choncho makasitomala athu ambiri si okangoona malo. Ndi agogo okaona adzukulu, ndi anthu opita ku ukwati, ku ubatizo kapena kumaliro.

Aliyense akafika timayamba ndi kumuuza kuti viza ya eVisitor, yomwe nambala yake ndi 651, ndi yaulere. Boma la Australia silitengapo kanthu. Zimene amatilipira ndi za ntchito yathu yokha, ndipo timalemba zimenezi pa lisiti. Timalimbikira kunena poyera chifukwa pa intaneti pali masamba odzionetsa ngati a boma, amene amadyera anthu okalamba ndalama pa chinthu chaulere.

Mwini pasipoti ya Greece ali ndi makomo atatu. eVisitor imapemphedwa kudzera pa ImmiAccount, tsamba la pa intaneti la boma la Australia lopempherapo viza, munthu ali kunja kwa Australia. Imagwira ntchito miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawiyo angalowe kangapo, koma ulendo uliwonse asapitirire miyezi itatu. Viza ya ETA, nambala 601, imapereka masiku omwewo, kungoti imapemphedwa pa foni, imalipiridwa madola 20 a ku Australia, ndipo foniyo iyenera kuwerenga kachipangizo ka m'pasipoti ndi kujambula nkhope ya mwiniwake. Agogo ofuna kukhala miyezi isanu ndi umodzi kuti alere kamdzukulu kobadwa kumene, ziwirizi siziwakwanira. Afunika viza ya nambala 600, yomwe ndi yolipira, imafuna umboni wa ndalama ndi wa zifukwa zobwerera kwawo, komanso imachedwa kutuluka. Pa zitatu zonsezi palibe yololeza kugwira ntchito, ngakhale kuthandiza pa lesitilanti ya mlamu.

Pamene pamagona ntchito yathu yeniyeni ndi pa dzina. Mayina a Chigiriki amalembedwa ndi zilembo zawozawo, ndiye powasandutsa kukhala zilembo za Chilatini pamabuka chisokonezo. Munthu amene abale ake ku Melbourne amamutcha George, m'pasipoti ndi Georgios. John ndi Ioannis. Kostas ndi Konstantinos. Kawirikawiri wogula tikiti amakhala mwana wa ku Australia, ndipo amalemba dzina lomwe analizolowera. Viza ilibe chidindo kapena pepala lomata, imalumikizidwa ndi nambala ya pasipoti mu kompyuta, ndiye ngati dzina la pa tikiti, la pa viza ndi la m'pasipoti zasiyana, munthu amaimitsidwa pa kauntala ku Athens asanakwere n'komwe. N'chifukwa chake sitilemba dzina lochita kutiuza pakamwa kapena pa foni. Timakopera pa mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, ndipo munthu wachiwiri amawerenganso chilembo chimodzichimodzi. Chilembo O ndi nambala 0 ndi zimene zimagwetsa anthu kwambiri.

Timafunsanso funso lomwe ambiri amadabwa nalo: munabadwira kuti? Agiriki ena anabadwira ku Australia n'kubwerera kwawo ali ana, ndipo mpaka pano ndi nzika za kumeneko. Nzika ya Australia sipatsidwa viza ya dziko lake lomwe, imayenera kukhala ndi pasipoti ya Australia. Zimenezi zikatulukira kutatsala sabata imodzi, ulendo umasokonekera. Mwana aliyense, ngakhale khanda, amafunika pempho lakelake. Amene wasintha pasipoti viza itatuluka kale ayenera kulembetsa nambala yatsopanoyo ngati ali ndi eVisitor, kapena kupemphanso ngati ali ndi ETA. Chitupa cha unzika chomwe Mgiriki amayendera mu European Union sichigwira ntchito pa ulendowu.

Lamulo lathu n'lakuti tikiti igulidwe viza itatuluka. Zambiri zimatuluka msanga, koma zina akuluakulu amazipatula n'kufunsa mapepala owonjezera, ndipo ife tilibe mphamvu yofulumizitsa. Sitilonjeza kuti munthu avomerezedwa.

Palibe ndege yochoka ku Athens n'kukatera ku Australia osaima. Amasinthira ku Doha, Dubai, Abu Dhabi kapena Singapore, ndipo kawirikawiri ulendo wonse umapitirira maola 20. Kwa okalamba timasiya maola atatu posinthira ndege, matikiti onse akhale pa bukingi imodzi kuti katundu adutse yekha, ndipo timapemphiratu njinga ya olumala ngakhale kwa amene amayenda ndithu, chifukwa mabwalo a ndege amenewa ndi aakulu ndipo wokankhayo amawafikitsa pa geti yoyenera. Mu Disembala nthawi ya ku Melbourne imatsogola ndi maola 9 poyerekeza ndi ya ku Athens, mu Julayi ndi maola 7. Izi n'zofunika kwa omwa mankhwala pa nthawi yake. Nyengo nayo ndi yotembenuka: wopita pa Khirisimasi akapeza dzuwa lowotcha, wopita mu Julayi atenge jekete.

Inshuwalansi sitinyengerera. Australia ili ndi mgwirizano wa zachipatala ndi mayiko ena a ku Ulaya monga Italy ndi Malta, koma Greece mulibemo, ndipo khadi ya zachipatala ya ku Ulaya siwerengedwa. Amene ali ndi matenda a mtima kapena shuga awatchule pogula inshuwalansiyo, apo ayi kampani idzakana kulipira. Mankhwala atengedwe m'mabokosi ake, okwana miyezi itatu osapitirira, pamodzi ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi.

Nkhani yomwe timakambirana nthawi yaitali ndi ya chikwama cha mphatso. Mgiriki sapita kwa abale chimanjamanja: uchi wa kumudzi, tchizi, masamba ouma a oregano, tiyi wa m'mapiri, soseji, mbewu za tomato. Australia imateteza kwambiri ulimi wake. M'ndege amagawa khadi lofunsa za chakudya, zomera ndi zochokera ku nyama, ndipo timawauza kuti achonge "inde" pa chilichonse chodyedwa. Chimene munthu wachitchula amangochiona, n'kumubwezera kapena kuchitaya. Chimene wabisa chimabweretsa chindapusa, ndipo viza ikhoza kuthetsedwa pomwepo. Nyama, zipatso zaziwisi ndi mbewu zopanda chizindikiro zitsale kunyumba. Ndalama zokwana madola 10,000 a ku Australia kapena kuposerapo nazo zitchulidwe.

Kasitomala aliyense amachoka ndi pepala limodzi lolembedwa m'Chigiriki ndi m'Chingerezi, la nambala ya viza, adiresi ya komwe akafikire, nambala ya wokamulandira ndi mayina a mankhwala ake. Timamuuza alisunge m'thumba la malaya, osati mu sutikesi.