Kupempherera ndiwo si kuchepa chikhulupiriro

Pali anthu ena amaona ngati kupempherera ndiwo ndi kumuchepetsa Mulungu. Ndinamvapo mlaliki wina pa wailesi akukuwa kuti inu mukupempha ka walkman ka ufa pamene Atate anu ndi mwini siliva ndi golide, pemphani nyumba yosanja, pemphani galimoto, pemphani viza! Anthu kumbuyo ameni ameni. Ine sindikukana kuti Mulungu angathe kupereka zonsezo, koma mmene ndinakulira ine ku Ndirande, pemphero lomwe ndinkalimva kwambiri linali la makala, la sopo, la ndalama ya kuchigayo, ndipo mpaka lero palibe amene wandikhutiritsa kuti limenelo ndi pemphero la anthu ochepa chikhulupiriro.

Mayi anga samapemphera mozungulira ayi. Iwo amatchula chinthu ndi dzina lake. Ambuye ufa watsala wophika kamodzi, Ambuye a landilodi abwera Loweruka, Ambuye mwanayu nsapato yatha kuphazi. Tili ana tinkatsinzina diso limodzi kwinaku tikuseka chamumtima, timvekere kodi Mulungu wolenga nyanja ndi phiri la Mulanje angakhale pansi kumamvetsera nkhani ya bonya wa pa mulu? Koma ukaonetsetsa, Yesu mwini wake ndi amene anayika chakudya mkati mwenimweni mwa pemphero lija timaloweza ku Sande sukulu. Pa Mateyu 6:11, atangomaliza za dzina loyera ndi Ufumu ndi kufuna kwa Atate, chotsatira chake ndi chakudya chathu chalero. Chikhululukiro cha machimo chikubwera pambuyo pake. Ndiye ngati Iye sanachite nacho manyazi, ife tikuchita manyazi ndi chani?

Chomwe chimavuta mu pemphero limeneli ndi choti limangokamba za tsiku limodzi basi. Munthu umafuna Mulungu akupatse za chaka chonse pakamodzi kuti ugone tulo tabwino, matumba aunjikane pabalaza mpaka kudenga. Koma taonani nkhani ya mana pa Eksodo 16. Aisraeli anauzidwa kuti aliyense atole omeri imodzi patsiku, osasunga za mawa, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pomwe ankatola za masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ena, ngati mmene tikanachitira ambirife, anabisa pang'ono, kutacha anapeza zagwa mphutsi zikununkha. Zaka 40 akudya moteromo, kudzuka m'mawa uliwonse mulibe kanthu mu hema, kutuluka panja nkupeza chakudya chagwa kale. Ineyo ndikawerenga pamenepa ndimaganiza za amayi aja amagulitsa tomato ndi mpiru m'mbali mwa msewu, amene mpamba wawo wonse ndi umene uli pa thebulopo, akapanda kugulitsa lero ndiye kuti madzulo pamoto sipakhala poto. Anthu amenewo Eksodo 16 safunika kuwamasulira, amaidziwa kuposa ife ovala mataye.

Apa wina asandimve molakwika kuti ndikunena kuti kusunga ndi tchimo. Nkhokwe si kusakhulupirira. Yosefe anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri ku Iguputo ndipo ndi mmene mtundu unapulumukira, komanso banki m'khonde yathandiza mabanja ambiri kuposa mmene tingawerengere. Wolima alime, wa ganyu apite ku ganyu. Kungoti tonse tinaona mmene zosunga zimasungunukira. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, munthu unagona uli ndi ndalama yokwana matumba a feteleza, nkudzuka ndalama yomweyo ikugula zochepa. Chaka chomwecho mu March namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi minda ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, anthu amene anali ndi chimanga chawo m'munda nkusanduka opempha tsiku limodzi. Kenako 2024 mvula inadula, boma nkulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ndiye amene amaona ngati pemphero la chakudya chalero ndi la amphawi okha, mwina sanakhale m'dziko muno zaka zimenezi.

Pali munthu wina m'Baibulo amene sitimulalikira kawirikawiri, Aguri, pa Miyambo 30:8-9. Mkuluyu anapempha kuti Mulungu asamupatse umphawi komanso asamupatse chuma, angomudyetsa chakudya chomuyenera, kuopa kuti akakhuta angamukane Mulungu, akasauka angabe nkunyozetsa dzina lake. Kunena zoona pemphero limeneli silingadzadze sitediyamu. Palibe amene angakwere minibasi kuchoka ku Mchinji kukamva mneneri akumuuza kuti ulandira zokukwanira basi. Koma ine ndimaona kuti ndi pemphero la munthu amene amadzidziwa bwino mtima wake, mbali zonse ziwiri.

Tsono mayankho ake amabwera bwanji? Kwathu sindinaonepo ufa ukugwa kuchokera kumwamba. Zomwe ndinaona ndi izi. January wina zinthu zitathina, bambo ntchito itawathera, mayi anapemphera m'mawa monga mwa nthawi zonse nkukoleza mbaula, kuteleka madzi, ufa mulibe. Cha m'ma 11 koloko kunabwera mayi wina wa Mvano wokhala kuseri kwathu, atafunditsa kambale ndi chitenje kuti anthu asaone, amvekere amake mwana, dzulo ndinali kuchigayo ndiye ndati mulaweko mgaiwawu. Sanakhale ndi pansi pomwe. Mayi analandira ndi manja awiri, kugwada pang'ono, mlendo atangotembenuka iwo misozi mbwembwembwe uku akuvundula nsima. Ndiwo inali nkhwani wopanda tomato, wa mchere okha, koma pemphero lothokoza la tsiku limenelo linatalika mpaka nsima inayamba kuzizira, ife mitima ili pa mbale.

Wina anena kuti amenewo ndi aneba abwino chabe, Mulungu akulowapo pati. Kaya, aliyense ndi mmene amaonera. Koma ngakhale Eliya uja, mtsinje wa Keriti utaphwa, Mulungu sanamutumize kwa mfumu kapena kwa mwini sitolo, anamutumiza kwa mayi wamasiye wa ku Zarefati amene anali akutola nkhuni kuti aphike kaufa kake komaliza adye ndi mwana wake kenako afe. Pa 1 Mafumu 17 akuti ufa wa mu mbiya sunathe, mafuta a mu nsupa sanachepe. Sakunena kuti mbiyayo inasefukira, akungoti siinathe. Ndipo nthawi zambiri zimayenda chonchi, amene amakugawira si amene ali ndi zambiri, ndi uja amadziwa kulira kwa mwana wogona ndi njala. Masiku ano mwina imakhala meseji ya Mpamba kapena Airtel Money yolowa usiku kuchokera kwa mlongo wako ali ku Joni, amene nayenso akuvutika ndi lendi kumeneko.

Pa nkhani yothokoza ndiye timafooka ambirife. January ndi February mapemphero a mbandakucha amadzadza, aliyense akulira. Ikafika April, May, mondokwa ndi maungu zili mbwee, mawu aja amatsika. Nchifukwa chake ine ndimaikonda Sabata ya masika kumipingo yathu ya kumudzi, pomwe anthu amabwera ndi dengu la chimanga, mtedza, mzimbe, nkhuku yomanga miyendo ikulira kutsogolo kwa guwa mlaliki ali mkati molalikira. Agogo ena amabwera ndi mazira awiri okha atamanga pa kansalu, akuvina pang'onopang'ono popita kutsogolo, ndipo palibe amawaseka chifukwa aliyense akudziwa kuti nkhuku yawo ndi imodzi yomweyo.

Mwezi uno kwanga bajeti yakana kale, fizi ya teremu ino sindinamalize, mayuniti a magetsi akulira mu mita. Usiku uno ndikatchula zonsezo chimodzi chimodzi, ndi gasi yemwe, kenako mawa m'mawa ndidutse kaye kwa mayi a kuseri kuno amene amuna awo ali mu chipatala, ndawapatulira ufa pang'ono ndi soya pieces.